Kamera iloze katundu, isaloze mzere wa odwala

Amene anakulira ku Chitawira akukumbukira nthawi imene nyumba zambiri zinkalekana ndi mpanda wa maluwa basi. Uli pakhonde unkatha kupereka moni kwa mayi a nyumba yachitatu, ndipo mwana akasowa unkangokuwa dzina lake, wina n'kukuyankha kuti ali kuno. Lero mukamayenda kuchokera ku Kamba kulowera ku Njamba, kapena mbali ya ku Naperi ndi ku Nkolokosa, chimene mukuona ndi mipanda ya njerwa, pamwamba pake mabotolo oswa, waya waminga, pena waya wamagetsi. Ndipo pakona ya mipanda ina pafika mlendo watsopano, kamera.

M'tauni ndiye zafika pena. M'maofesi ambiri a mu Victoria Avenue, ku Ginnery Corner, ku Chichiri ndi ku Limbe, mlonda amakulandirani ndi buku. Mulembe dzina, nambala ya foni, kumene mwachokera, amene mukukaonana naye ndi chimene mwadzera. Malo ena chiphaso chimatsala pageti mpaka mutatuluka. Ogwira ntchito amadinda chala pamakina polowa ndi potuluka, ndipo makina ena a masiku ano amamuzindikira munthu pongomuona nkhope.

Mwina owerenga ena mukudabwa kuti nkhani ya mipanda ndi makamera ikulowa bwanji m'kalata yokamba za HIV ndi Edzi. Ikulowa chifukwa chida chimene chimaona wakuba chimaonanso mayi amene akukatenga ma ARV. Chimasunga nkhope za onse awiri, tsiku ndi ola lomwe. Maganizo athu ndi akuti nyumba ndi katundu zitetezedwe ndithu, koma chitetezo chimene chingachititse munthu mmodzi kuopa kulowa pakhomo la chipatala chaononga zambiri kuposa zimene chapulumutsa.

Umbava ulipodi

Sitikunyoza amene amaika makamera. Ife tomwe timakhala m'makwalala omwewa, ndipo tikudziwa kuwawa kwa kudzuka m'mawa n'kupeza zenera lathyoledwa. Mwini golosale amene waberedwa kawiri sangamvere munthu womuuza kuti achotse kamera. Namwino amene amagwira ntchito usiku ali ndi ufulu wodziwa kuti pageti sipalowa aliyense.

Kuchipatala nkhani yake ndi yaikulu koposa. Kubedwa kwa mankhwala m'zipatala za boma ndi vuto limene dziko lino lalimbana nalo kwa zaka zambiri, moti Unduna wa Zaumoyo unachita kukhazikitsa nthambi yapadera yofufuza za umbavawu. Mankhwala a malungo olembedwa kuti ndi a boma akhala akupezeka m'misika ndi m'zipatala zolipira. Amene amavutika mankhwala akabedwa ndi wodwala wosauka yemwe amabwezedwa chimanjamanja. Choncho loko wolimba, kamera ndi kaundula wa amene walowa m'chipinda chosungira mankhwala ndi zinthu zimene ife tikuzifuna. Zimateteza anthu athu.

Vuto limayamba pamene kamera yomweyo yatembenuzidwa, kusiya mashelefu a mankhwala n'kuloza benchi ya odwala.

Taganizirani mayi mmodzi

Taganizirani mayi wa ku Chitawira amene wakhala akumwa ma ARV kwa zaka zisanu. Amuna ake akudziwa, mchemwali wake akudziwa, ena onse sakudziwa. Umenewo ndi ufulu wake. Tsiku lokalandira mankhwala likafika, amadutsa makomo atatu.

Khomo loyamba ndi la pamalo pamene amachita lendi. Eninyumba anaika kamera yoyang'ana geti ndi zitseko za onse ochita lendi, ndipo zithunzi zake amaziona pafoni. Amadziwa ola limene mayiyu watuluka, ndiponso amadziwa mlendo aliyense amene wafika pakhomo pake. Mlangizi wa zaumoyo akabwera kudzamuyendera, atavala malaya olembedwa dzina la bungwe, kamerayo yalemba.

Khomo lachiwiri ndi la kuntchito. Makina odinda chala amaonetsa kuti mayiyu amachedwa tsiku limodzi pakatha miyezi ingapo, nthawi zonse m'mawa, nthawi zonse pakati pa sabata. Kale kuchedwa kotere kunkathera pakati pa iye ndi kapitawo womvetsa zinthu. Lero kumalembedwa m'kompyuta, ndipo aliyense wa muofesi yoona za antchito angathe kukuona n'kuyamba kulumikiza.

Khomo lachitatu ndi la chipatala. Pageti mlonda akufunsa mokweza kuti, "Mayi, mukupita mbali iti?" Buku lili pathebulo chotsegula, wobwera pambuyo akuwerenga maina a onse amene alowa. Ngati chipinda cha ma ARV chili pachokha, chokhala ndi khomo lakelake, kamera yoloza khomo limenelo ikulemba mndandanda wa anthu omwe ali ndi kachilombo, ngakhale amene anaiika sankalinga zimenezo. Ndipo mu mzinda wa Blantyre mlonda kapena wokonza makamera angathe kukhala mlamu wako, mnzako wa kutchalitchi, kapena mwana wa a neba.

Palibe aliyense mwa anthu atatuwa amene anafuna kuulula za mayiyu. Aliyense ankangoteteza katundu wake. Koma zonse zikaphatikizana, chinsinsi chimene mayiyu wachisunga zaka zisanu chili m'manja mwa anthu amene iye sanawasankhe.

Chinsinsi ndi gawo la mankhwala

Amene mwagwirapo ntchito ya uphungu mukudziwa kutalika kwa njira imene anthu amayenda pofuna kusunga chinsinsi. M'magulu athu othandizana timakumana ndi anthu amene amasiya chipatala chapafupi n'kukwera minibasi ziwiri kukalandirira mankhwala kumene sadziwika. Ena amakhuthulira mapiritsi m'kapepala kuopa kuti botolo lingalire m'chikwama. Ena amamatula chipepala cha pabotolo. Amachita izi chifukwa mawu onyoza aja, akuti uje wapita kukaonjezera mayunitsi, sanathe m'makwalala mwathu.

Dziko lino lachokera kutali. Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi anadziwika mu 1985. Boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004. Kafukufuku wa MPHIA wa mu 2020 mpaka 2021 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo, pafupifupi 9 anali ndi kachilombo, ndipo mu mzinda wa Blantyre anali pafupifupi 14. Anapezanso kuti mwa anthu 100 alionse omwe anali ndi kachilombo, 88 ankadziwa za momwe m'thupi mwawo muliri. Mwa odziwawo, 98 pa 100 ankamwa mankhwala, ndipo mwa omwa mankhwalawo, 97 pa 100 kachilombo kanali katachepa kwambiri m'magazi.

Ziwerengero zimenezi zinatheka chifukwa anthu anakhulupirira kuti zimene akambirana ndi phungu zithera m'chipindamo. Umboni wina uli konkuno. Kafukufuku woona ngati anthu angathe kudziyeza okha HIV ndi kachipangizo kopaka m'kamwa anachitikira m'makwalala a Blantyre kuyambira mu 2010, ndipo anthu ambiri anailandira njirayi, kuphatikizapo abambo ndi achinyamata amene sakonda kupita kuchipatala. Chimene chinawakopa n'chakuti zotsatira amayamba kuziona okha.

Munthu amene akumwa mankhwala mwandondomeko mpaka kachilombo kosaonekanso poyeza sapatsira mnzake kachilomboko pogonana. Koma akadumphitsa mankhwala chifukwa choopa maso a pageti, kachilombo kamachulukanso, kangathe kuyamba kupima mankhwalawo, ndipo angathe kupatsira ena. Akuluakulu anati mbewa yamanyazi inafera kuuna. N'zoona, koma nafenso tisamaike mphaka pakhomo pa unawo kenako n'kumadabwa kuti mbewa sikutuluka.

Kodi kiyi ali ndi ndani?

Ogulitsa makamera amatsimikiza kuti zithunzi zimasungidwa bwino. Zimene zachitika m'maiko olemera zikutichenjeza kuti tisamangovomera. M'mwezi wa March 2021, akatswiri othyola makompyuta analowa m'makina a kampani ya ku America yotchedwa Verkada n'kutha kuona zimene makamera pafupifupi 150,000 ankajambula. Ena mwa makamerawo anali m'zipatala, m'sukulu ndi m'ndende. Mu January 2019, boma la Singapore linalengeza kuti maina ndi mbiri za anthu 14,200 omwe ali ndi HIV zaikidwa pa intaneti. Amene anachita izi sanathyole chitseko chilichonse. Anali pa ubwenzi ndi dokotala amene anali ndi chilolezo choona kaundulayo.

Ngati izi zinachitika kumene kuli ndalama ndi akatswiri, nanga kwathu kuno, kumene makina osungira zithunzi amakhala m'kanyumba ka alonda, ndipo nambala yachinsinsi ikadali yomwe anaika wogulitsa? Tonse taonapo timakanema ta m'makamera a m'masitolo tikuzungulira pa WhatsApp ndi pa Facebook. Amene anakatulutsa sadziwika, ndipo kakatuluka sikabwereranso. Loko akathyoledwa mumagula wina. Koma chala ndi nkhope simungasinthe, ndipo mbiri yoti uje ali ndi kachilombo ikafika kwa apongozi, kwa bwana kapena kusukulu ya mwana, palibe khoti limene lingaibweze.

Sitikuloza chala alonda. Ambiri amagwira ntchito maola ochuluka pa malipiro ochepa, ndipo amachita zimene auzidwa. Anamwino ndi aphungu amaphunzitsidwa za kusunga chinsinsi cha odwala. Mlonda, wokolopa ndi wokonza makamera nthawi zambiri palibe amene amawaphunzitsa, chonsecho masiku ano akuona zambiri ngati namwino yemwe. Kulakwa kuli kwa ife amene timawapatsa maso popanda kuwapatsa malangizo.

"Wosalakwa saopa kamera"

Mawu awa timawamva kawirikawiri. Koma kukhala ndi kachilombo si mlandu, ndipo kusunga chinsinsi si kubisa cholakwa. Tonse timatseka chitseko posamba ngakhale kusamba si tchimo.

Ena amati njira yothetsera kusalana ndi yoti anthu azibwera poyera, ndiye kubisa kukungokuza manyazi. Timawalemekeza kwambiri abale ndi alongo amene anaima pagulu n'kunena kuti ali ndi kachilombo, pa nthawi imene kutero kunkachotsetsa munthu ntchito ndi banja. Koma mphamvu ya umboni wawo inali yakuti anasankha okha tsiku, malo ndi anthu owauza. Kuululidwa ndi makina kapena ndi buku la pageti n'kosiyana ndi kumeneko. Mtsikana amene akuopa nkhanza za mwamuna wake, kapena wantchito wa m'nyumba amene angathamangitsidwe tsiku lomwelo, ayenera kupatsidwa mpata wokonzekera ndi phungu wake.

Akuluakulu a ku Chitawira akudziwa bwino tanthauzo la kuimitsidwa pachipata. M'nthawi ya chipani chimodzi, munthu sunkalowa mumsika kapena kukwera basi popanda kuonetsa khadi la chipani kwa anyamata a Youth League ndi a Payoniya. Nthawi imeneyonso tinkauzidwa kuti zonsezo n'zosungitsa bata ndi mtendere. Pa 14 June 1993 Amalawi anavota kukana moyo umenewo, ndipo bwalo la Njamba, limene lili pakhomo pathu pomwepa, linaona misonkhano ikuluikulu ya masiku amenewo. Sitikunena kuti mlonda wa lero ndi Payoniya ayi. Tikungokumbutsa kuti ufulu wolowa ndi kutuluka popanda kufotokozera aliyense za moyo wako unagulidwa pa mtengo wokwera, ndipo suyenera kutayika pang'onopang'ono chifukwa choti makamera atsika mtengo.

Malamulo ali mbali yathu

Gawo 21 la malamulo aakulu oyendetsera dziko lino a mu 1994 limapereka kwa munthu aliyense ufulu wokhala ndi chinsinsi, ndipo gawo 19 limati ulemu wa munthu suyenera kuphwanyidwa. Makhoti athu aonetsa kale kuti mawu amenewa ali ndi mano. Mu 2009 apolisi ku Mwanza anagwira amayi 11, n'kuwatengera kuchipatala kumene anayezedwa HIV popanda chilolezo chawo, ndipo zotsatira zinawerengedwa poyera m'khoti. Mu May 2015 bwalo lalikulu la milandu ku Blantyre, kudzera mwa Justice Dorothy Kamanga, linagamula kuti zimenezi zinaphwanya ufulu wa amayiwo wokhala ndi chinsinsi ndi ulemu. Amene anachita zimenezo ankaganiza kuti akuteteza anthu. Khoti linaonetsa kuti cholinga choteteza anthu sichipatsa munthu chilolezo chochita chilichonse.

Mu November 2017 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la HIV and AIDS Prevention and Management Act, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018. Magulu a amayi omwe ali ndi kachilombo atadandaula, aphungu anachotsamo ndime zokakamiza anthu ena kuyezetsa. Lamuloli limaletsa kusala munthu chifukwa cha HIV, limapereka ufulu wosungiridwa chinsinsi, komanso limaletsa olemba ntchito kukakamiza munthu kuyezetsa kuti alembedwe ntchito.

Mu 2024 kunabweranso lamulo la Data Protection Act, limene bungwe la MACRA linapatsidwa udindo woliyang'anira. Mfundo zake n'zosavuta kumva: wotolera mbiri ya anthu akhale ndi chifukwa chomveka, atole zokhazo zofunika pa chifukwacho, azisunge motetezeka, ndipo asazisunge nthawi yaitali kuposa pofunikira. Mbiri ya zaumoyo ndi zizindikiro za thupi monga zidindo za zala zili m'gulu la zinthu zofuna chisamaliro chapadera. Izi n'zofunika kwambiri tsopano, poti kuyambira mu 2017, pamene anthu oposa 9 miliyoni analembetsa ziphaso za unzika, nambala imodzi ya chiphaso imalumikiza dzina, nkhope, zala, nambala ya foni ndi akaunti ya kubanki. Amene wakopera nambala imeneyo pageti watenga zambiri kuposa zimene akufunikira kuti akutsegulireni chitseko.

Koma lamulo limakhala m'buku ku Lilongwe. Pageti pamakhala mlonda ndi malangizo a bwana wake. Mpake kuti ntchito yaikulu ili kwa ife.

Pempho lathu

Kwa oyang'anira zipatala, za boma, za mishoni ndi zolipira zomwe, komanso mabungwe ngati lathu lino: yendani m'nyumba zanu ndipo muime pansi pa kamera iliyonse n'kufunsa kuti ikuona chiyani. Ngati ikuona chitseko cha mosungira mankhwala, malo olandirira ndalama, mpanda kapena poimika magalimoto, isiyeni. Ngati ikuona benchi ya odikira ma ARV, khomo la chipinda cha uphungu kapena zenera lolandirira mankhwala mbali ya odwala, itembenuzeni. M'chipinda choyezera ndi cha uphungu musakhale kamera kapena chojambula mawu ngakhale pang'ono. Mlonda asafunse munthu chimene akudwala kapena chipinda chimene akupita. Kumene kungatheke, olandira ma ARV alowere khomo limodzi ndi odwala ena onse.

Pakhale chikwangwani cha m'Chichewa chodziwitsa anthu kuti pamalopo pali kamera, ndi udindo wa munthu amene angafunsidwe za iyo. Ololedwa kuona zithunzi akhale ochepa, odziwika maina, ndipo nthawi iliyonse imene aona pazilembedwa. Zithunzi zizifufutidwa pakatha masiku owerengeka ngati sipanachitike mlandu. Nambala yachinsinsi isinthidwe tsiku limene wokonza makamera wamaliza ntchito. Ndipo pamene mukuphunzitsa anamwino za chinsinsi, itananinso alonda ndi okolopa.

Kwa olemba anthu ntchito: makina odinda chala akhale owerengera maola basi. Wantchito akabweretsa kalata ya kuchipatala, ikwane, musafunse dzina la matenda. Buku la alendo likhale loti wolemba asaone maina a anzake, ndipo chiphaso muchione n'kubweza kwa mwini wake.

Kwa eninyumba ndi makomiti a chitetezo cha m'madera, ku Chitawira, ku Zingwangwa, ku Naperi ndi kwina konse: kamera iloze geti ndi mpanda wanu, isaloze chitseko cha wochita lendi kapena bwalo la a neba. Auzeni anthu musanaiike. Kakanema ka wakuba kapite kupolisi, ndipo ka mlendo wa mnzanu kasapite pagulu la WhatsApp la m'dera.

Kwa inu amene mukumwa mankhwala: muli ndi ufulu wofunsa kuti dzina langa mukulemberanji, alisunga ndani, ndipo mpaka liti. Kufunsa mwaulemu si mwano. Ngati chinsinsi chanu chaululidwa, kauzeni mkulu wa chipatalacho kapena ofesi yolandira madandaulo a odwala, ndipo mungathe kukadandaulanso ku bungwe la Malawi Human Rights Commission kapena ku ofesi ya Ombudsman. Koma chonde, zivute zitani, musasiye mankhwala. Ngati malo amene mumalandirira sakukupatsani mtendere, kambiranani ndi namwino za kusamukira kwina, kapena za kulandira mankhwala a miyezi ingapo nthawi imodzi, monga momwe ambiri amene akupeza bwino akuchitira.

Zonse tapemphazi sizifuna ndalama zambiri. Kutembenuza kamera kumafuna makwerero ndi mphindi zochepa. Kuphunzitsa mlonda kumafuna masana amodzi. Wakuba adzagwidwabe, mankhwala adzatetezekabe, ndipo mayi uja wa ku Chitawira adzadutsa makomo ake atatu, n'kubwerera kunyumba ndi botolo lake m'chikwama, popanda wina womudziwira zimene iye sananene. Sabata ino, aliyense wa ife amene ali ndi kiyi wa geti lililonse ayambe wakaona kumene kamera yake yaloza.